Mapiritsi opha ululu ndi nkhawa: chimayamba n'chiti?

Mu 2017 ofufuza a ku Dartmouth ndi a ku yunivesite ya Michigan anawerengera mankhwala amphamvu opha ululu amene madokotala a ku America amalembera odwala. Anapeza kuti akuluakulu odwala nkhawa kapena kukhumudwa ndi 16 okha pa 100 alionse, koma ndiwo amalandira theka la mankhwalawo: mapepala a mankhwala 60 miliyoni mwa 115 miliyoni olembedwa pa chaka. Misana ndi mawondo a anthu ankhawa sizingakhale zowonongeka chotero kuposa za anzawo. Pali china chimene chimachitika pakati pa piritsi ndi mtima wa munthu.

Kodi mankhwala ake ndi ati?

Ndi a gulu la opioid. Ena amachokera ku utomoni wa duwa la popi, monga morphine ndi codeine. Ena amapangidwa m'fakitale, monga pethidine, tramadol ndi fentanyl. Oxycodone, amene anatchuka kwambiri ku America, amayambira ku duwa n'kumalizidwa m'fakitale. Heroin ndi wa banja lomweli, ndipo kampani ya Bayer inayamba kumugulitsa poyera mu 1898 ngati mankhwala a chifuwa. Panado, asipirini ndi bufeni sali m'gululi, ngakhale alipo mapiritsi ena osakaniza panado ndi codeine, choncho ndi bwino kuwerenga zolembedwa pa paketi.

Nanga matenda a maganizo amene akunenedwawa ndi misala?

Ayi. Ndi matenda amene munthu amadwala akudziwa bwinobwino dzina lake ndi kwawo, akupita kuntchito ndi kutchalitchi monga aliyense. Ena amakhala ndi nkhawa yosatherapo ngakhale pakhomo pali mtendere. Ena mantha amawagwira mwadzidzidzi, mtima kuthamanga, mpweya kuchepa, mpaka kuganiza kuti akufa. Ena amakhumudwa kwa miyezi, tulo osabwera, chakudya osakoma. Enanso zoopsa zimene anaona kale zimawabwerera m'maganizo ndi kumaloto. Mabuku akale a zachipatala ankasonkhanitsa ambiri mwa matendawa pansi pa dzina limodzi la neurosis.

Ndiye chimayamba n'chiti, piritsi kapena nkhawa?

Chilichonse mwa ziwirizi chimatha kuyamba. Silvia Martins ndi anzake a ku Johns Hopkins anaunika mayankho a akuluakulu oposa 34,000 a ku America amene anafunsidwa kawiri, koyamba mu 2001 ndi 2002, kachiwiri mu 2004 ndi 2005. Ubwino wofunsa anthu omwewo kawiri ndi wakuti umaona chimene chinalipo kale ndi chimene chabwera pambuyo. Zotsatira zinatuluka mu 2012 m'magazini ya Psychological Medicine. Amene poyamba ankamwa ma opioid popanda chilolezo cha dokotala anali pa chiopsezo chachikulu kuposa anzawo chodzapezeka ndi nkhawa kapena kukhumudwa kumene analibe. Ndipo amene poyamba anali ndi matenda a maganizo anali pa chiopsezo chachikulu kuposa anzawo chodzayamba kumwa mankhwalawa mwa okha. Ofufuzawo anatchulanso njira yachitatu: mwina zonse ziwiri zimamera pa muzu umodzi, monga chibadwa cha ku mtundu kapena mavuto amene munthu anakulira.

Amenewo ankamwa mobisa. Nanga womwa monga mmene dokotala walembera?

Funso limeneli analitsata kwa zaka zambiri ndi Jeffrey Scherrer wa ku Saint Louis University. Mu 2014 anasindikiza zimene anapeza m'mabuku a chipatala a asilikali opuma 49,770, onse opanda matenda a kukhumudwa pamene ankayamba mankhwala. Poyerekeza ndi amene anamwa kwa masiku osakwana 90, amene anamwa masiku 90 mpaka 180 chiopsezo chawo chodwala kukhumudwa chinakwera ndi 25 peresenti. Amene anapitirira masiku 180 chinakwera ndi pafupifupi 50 peresenti.

Wina akanatha kunena kuti asilikali opuma ndi anthu apadera, ambiri ndi amuna achikulire amene anaona nkhondo. Choncho mu 2016 Scherrer anawonjezera odwala wamba a zipatala za ku Texas ndi ku Michigan, onse pamodzi 107,755. Pafupifupi mmodzi mwa khumi alionse anayamba kukhumudwa atayamba mankhwala, ndipo chimene chinaonekera m'magulu onse atatu chinali kutalika kwa nthawi yomwera. Kukula kwa mlingo sikunaonetse mphamvu yotero. Apa ndi pamene ine ndimaona kuti pagona nkhani: kapiritsi kamodzi patsiku kwa miyezi isanu ndi umodzi si kachabechabe chifukwa choti n'kamodzi.

Koma ululu pawokha umakhumudwitsa. Bwanji tikunamizira mankhwala?

Limeneli ndi funso loyenera. Amene amamwa mankhwala nthawi yaitali ndi omwenso ululu wawo wakana kutha, ndipo munthu amene sagona chifukwa cha msana, ntchito yamuthera, ana akumuona ngati katundu, safunika piritsi kuti akhumudwe. Scherrer anayesetsa kuchotsa mphamvu ya ululu m'masamu ake, ndipo mgwirizano uja unatsalabe. Komabe kafukufuku wowerenga mabuku a chipatala amaonetsa zinthu zoyendera limodzi, sagamula mlandu. Palibe angatenge anthu abwinobwino n'kuwamwetsa morphine kwa chaka kuti aone ngati akhumudwe.

Ena anayesa njira ina. Daniel Rosoff ndi anzake, m'lipoti la mu JAMA Psychiatry, anagwiritsa ntchito majini, amene munthu amabadwa nawo ululu usanabwere, ndipo anapeza zizindikiro zakuti kumwa ma opioid kumathandizira kubweretsa kukhumudwa ndi nkhawa. Umboni uliwonse pawokha uli ndi pofooka. Koma njira zosiyana zikamaloza kumodzi, ndipo mmene ubongo umagwirira ntchito n'kumavomereza, kukana kumavuta.

Mankhwala a ululu amafika bwanji ku maganizo?

Thupi limapanga mankhwala akeake ofanana ndi morphine. Mu 1973 Candace Pert ndi Solomon Snyder anaonetsa kuti mu ubongo muli timalo timene morphine amakamatirira, ndipo mu 1975 John Hughes ndi Hans Kosterlitz a ku Aberdeen anapeza mankhwala achilengedwe amene amagwira pa timalo tomweto. Timalo timeneti sitili m'njira za ululu mokha. Tilinso m'zigawo zoyang'anira mantha, chisangalalo, ndi chikondi cha mayi ndi mwana.

Mu 1978 Jaak Panksepp anatenga tiana ta agalu n'kutipatula patokha. Tinalira monga mmene tiana ta agalu timalirira tikasiyidwa. Atatipatsa morphine pang'ono kwambiri, wosakwana n'kutigoneka komwe, kulira kunachepa. Tianato tinalibe bala paliponse. Chimene mankhwala anatonthoza chinali kusungulumwa.

Madokotala akale ankazidziwa izi asanadziwe chifukwa chake. Emil Kraepelin, katswiri wa matenda a maganizo wa ku Germany, ankalangiza madontho a opium, utomoni wa popi uja, kwa odwala okhumudwa ndi ovutika mumtima, ndipo njira imeneyi inakhalapo mpaka m'zaka za m'ma 1950 pamene mankhwala monga imipramine anatulukira.

Tsono taganizani munthu amene msana ukumupweteka, amenenso mtima wake wakhala uli m'mwamba kwa zaka. Akamwa piritsi loyamba amamva zinthu ziwiri. Msana umapepukako. Koma chachikulu n'chakuti kwa nthawi yoyamba maganizo amakhala phee. Chachiwirichi n'chimene sachiiwala, ndipo kawirikawiri n'chimene sauza dokotala.

Ngati amakhazika mtima pansi, vuto lili pati?

Bata limenelo ndi la katapila. Ubongo ukamalandira mankhwala tsiku ndi tsiku umadziteteza. Timalo tolandirira tija timayamba kugontha, ndipo zigawo zochenjeza thupi za ngozi zimawonjezera mphamvu kuti zilimbane ndi mankhwalawo. Piritsi likatha mphamvu patapita maola angapo, zigawo zija zimatsala zikukuwa zokha. Munthu amatuluka thukuta, amayasamula, mtima umathamanga, sakhazikika, sachedwa kupsa mtima. Iye amati nkhawa yanga ija yabweranso, n'kumeza lina. Chimene wabweza ndi chiwongoladzanja chokha, ngongole ikukulabe.

Palinso zina. Ma opioid akamwedwa nthawi yaitali amatsitsa mahomoni monga testosterone, ndipo munthu amafooka, chilakolako cha m'banja chimachepa, mtima umalefuka. Amasokoneza tulo tofa nato timene thupi limapumira. Zimene kale zinkasangalatsa, mpira, macheza, nyimbo, zimasukuluka. Kwa ena mankhwalawa amawonjezera ululu weniweniwo, thupi n'kumamva kupweteka pa zinthu zimene kale silinkazimva.

N'chifukwa chiyani madokotala amapereka mankhwala ambiri kwa anthu ankhawa?

Mark Sullivan wa ku University of Washington, ku Seattle, wakhala akunena kwa zaka zambiri kuti kasankhidwe kake n'kokhotakhota: odwala amene mankhwalawa angawavulaze kwambiri ndi omwe amalandira ambiri, pa mlingo waukulu, kwa nthawi yaitali. Sikuti madokotala amachita dala. Nkhawa imakulitsa ululu, ndipo wodwala akamati ukupweteka kwambiri sakunama. Amabwera kuchipatala kawirikawiri, amabwera akulira, ndipo dokotala amene panja pakudikira mzere amaona kuti kulemba pepala n'kofulumira kuposa kufunsa za kunyumba. Chodandaulitsa n'chakuti pamene mankhwalawa ankayesedwa, anthu a matenda a maganizo kawirikawiri ankasiyidwa kunja kwa kafukufuku.

Pamene wina anawayesa, zotsatira sizinali zabwino. Mu 2015 Ajay Wasan ndi anzake anatsata odwala msana osakwana 100 amene anapatsidwa ma opioid kwa miyezi ingapo. Amene analibe nkhawa yambiri ululu wawo unachepa ndi 39 peresenti. Amene anali ndi nkhawa ndi kukhumudwa kwambiri unachepa ndi 21 peresenti yokha, ndipo 39 pa 100 mwa iwo anayamba kumwa mankhwala mosatsata malangizo, poyerekeza ndi 8 pa 100 a gulu linalo.

Koma pa ululu wokhalitsa amathandizabe kuposa mankhwala wamba, si choncho?

Pa msana ndi nyamakazi, umboni ukukana. Mu 2018 Erin Krebs wa ku Minneapolis anagawa mwamaere odwala 240 a msana, chiuno ndi mawondo. Ena analandira ma opioid, ena mankhwala ena monga panado ndi bufeni. Patatha chaka, kayendedwe ndi kagwiridwe ka ntchito kanali kofanana, ndipo ululu unali wochepako pang'ono mwa amene sanamwe ma opioid. Pali kanthu kamodzi m'lipotilo kamene anthu ambiri amakadumpha: pa nkhawa, gulu la ma opioid ndi limene linaoneka bwinoko. Kwa ine kameneka kakufotokoza chifukwa chake wodwala amalumbira kuti piritsi likumuthandiza pamene bondo silinasinthe.

Ku Australia, kafukufuku wa mu 2023 wa odwala 347 a msana ndi khosi longoyamba kumene kupweteka anapeza kuti oxycodone sanapose piritsi lopanda mankhwala. Ku England, kumene akuluakulu 5.6 miliyoni analandira ma opioid m'chaka cha 2017 mpaka 2018, bungwe la NICE linalangiza mu 2021 kuti asamayambitsidwe pa ululu wokhalitsa umene gwero lake silikuoneka.

America inalowa bwanji m'zimenezi?

Mu 1980 magazini ya New England Journal of Medicine inasindikiza kalata ya ziganizo zisanu yochokera kwa Jane Porter ndi Hershel Jick a ku Boston. Inanena kuti mwa odwala 11,882 ogonekedwa m'chipatala amene analandira mankhwala otere, anayi okha ndiwo anagwidwa chibaba. Kalatayo inkanena za anthu a m'wodi, oyang'aniridwa ndi anamwino kwa masiku ochepa. Koma inatchulidwa m'zolemba za akatswiri maulendo oposa 600, nthawi zambiri ngati umboni wakuti munthu angamwe mankhwalawa kunyumba kwa zaka popanda vuto. Mu 1996 kampani ya Purdue Pharma inayamba kugulitsa mapiritsi a opioid otchedwa OxyContin ndi uthenga wofananawo. Mu 2007 inavomera mlandu wonamiza anthu za kuopsa kwa mankhwalawo ndipo inalipira madola oposa 600 miliyoni. Mu 2022 ma opioid anapha anthu oposa 80,000 m'dzikolo, ambiri chifukwa cha fentanyl wa mumsewu.

Ndi masiku angati amene munthu angamwe mosaopa?

Palibe tsiku limodzi lodulira, koma chiopsezo chimakwera msanga kuposa mmene ambiri amaganizira. Lipoti la mu 2017 la bungwe la zaumoyo la ku America la CDC linapeza kuti mwa onse amene anayamba ma opioid, 6 pa 100 anali akumwabe patatha chaka. Mwa amene ulendo woyamba anamwa masiku 8 kapena kuposa, anali 13.5 pa 100. Mwa amene anafika masiku 31, pafupifupi 30 pa 100. Chaka chomwecho Chad Brummett wa ku Michigan anaona kuti pafupifupi 6 pa 100 mwa ochitidwa opaleshoni ankapitiriza mankhwala bala litapola kale, ndipo zinalibe kanthu kuti opaleshoniyo inali yaikulu kapena yaing'ono. Chimene chinkasiyanitsa anthu chinali fodya, mowa, nkhawa, kukhumudwa ndi ululu umene anali nawo kale.

Nanga amene akumwa kale mankhwala a nkhawa kapena a tulo?

Auze dokotala asanalembe china chilichonse. Diazepam ndi anzake amachedwetsa kupuma, ma opioid nawonso amatero, ndipo zikakumana munthu amatha kugona osadzukanso. Mu 2016 bungwe la ku America loona za mankhwala la FDA linalamula kuti chenjezo lake lamphamvu koposa liikidwe pa magulu onse awiri. Mowa umachita chimodzimodzi. Tramadol ali ndi vuto lakelake: amakhudzanso serotonin wa mu ubongo, choncho akaphatikizidwa ndi mankhwala a kukhumudwa monga fluoxetine kapena amitriptyline amatha kuyambitsa kunjenjemera, kutentha thupi, kusokonezeka mutu, ngakhale kugwa ngati wakhunyu.

Ndiye amene wamwa miyezi yambiri angosiya lero?

Ayi, ndipo apa America inaphunzira mowawa. Malangizo a CDC a mu 2016 okhudza kalembedwe ka ma opioid atatuluka, madokotala ena anadula odwala mankhwala mwadzidzidzi. Mu 2019 FDA inachenjeza kuti kutero kwabweretsa ululu wosapiririka, kuvutika maganizo, ndi kudzipha. Ena anathamangira mankhwala a mumsewu. Mlingo umatsitsidwa pang'onopang'ono, kwa milungu kapena miyezi, mogwirizana ndi wodwala, nkhawa ikuthandizidwa nthawi yomweyo. Amene chibaba chawagwira kale amathandizidwa ndi methadone kapena buprenorphine.

Kodi nkhani imeneyi ikutikhudza ife kuno?

Ikutikhudza, koma mosiyana. Vuto lalikulu la mayiko osauka ndi kusowa kwa morphine. Lipoti la Lancet la mu 2017 linawerengera kuti mwa matani 298.5 a ma opioid ogawidwa padziko lonse pa chaka, mayiko osaukitsitsa ankalandira gawo limodzi mwa magawo khumi a tani imodzi. Mayi wa khansa ya khomo la chiberekero, kapena bambo amene khansa ya kum'mero yamutsekera chakudya, akufunika morphine wamadzi uja amene amaperekedwa ku Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Ndi Moyo ku Salima. Kafukufuku amene tatchulayu ndi wa ululu wosakhala wa khansa. Wachibale amene angabise botolo la wodwala khansa poopa chibaba, walakwitsa kuwerenga.

Kumene tikufanana ndi America ndi pa mankhwala ogulidwa popanda pepala. Ku Zimbabwe achinyamata ambiri agwidwa ndi chibaba cha mankhwala a chifuwa a BronCleer, amene amawatcha bronco, okhala ndi codeine. Nigeria inaletsa mankhwala a chifuwa a codeine mu 2018 filimu ya BBC itaonetsa mmene ankagulitsidwira, ndipo chaka chomwecho Australia inalamula kuti codeine azigulidwa ndi pepala la dokotala basi. Kumadzulo kwa Africa tramadol amamwedwa ndi oyendetsa njinga zamoto ndi ogwira ntchito zolemetsa, m'mapiritsi a mamiligalamu 225 pamene la kuchipatala limakhala la 50. Mnyamata wosowa ntchito amene akumwa botolo la mankhwala a chifuwa alibe chifuwa, ndipo funso limene Martins ankafunsa ku America likumuyenera iyenso.

Munthu angadziwe bwanji kuti piritsi lasiya kukhala la msana?

Ayang'ane nthawi imene dzanja limapita ku paketi. Ngati ndi pambuyo pa mkangano, ngongole ikakumbutsidwa, asanakumane ndi abwana, kapena pofuna kuti tulo tibwere, piritsilo layamba ntchito ina. Zizindikiro zina ndi kuwerenga mibulu yotsala mtima uli phaphapha, mankhwala a mwezi kutha m'milungu itatu, kupempha kwa anzako, kusinthasintha zipatala ndi mafamase, ndi kubisira a kunyumba.

Zimenezi n'zoti dokotala kapena namwino azimve mmene zilili, pamodzi ndi za tulo, mowa, ndi maganizo ofuna kudzipha ngati alipo. Nkhawa ili ndi chithandizo chake. Uphungu wokambirana umathandiza ululu ndi maganizo nthawi imodzi, ndipo sufuna katswiri wamkulu nthawi zonse: pulogalamu ya Friendship Bench imene Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare imagwiritsa ntchito agogo ophunzitsidwa, ndipo kafukufuku wa mu 2016 anaonetsa kuti imachepetsa kukhumudwa ndi nkhawa. Kuyenda ndi masewera olimbitsa thupi zimathandiza msana kuposa kugona tsiku lonse. Amitriptyline ndi duloxetine amagwira pa ululu wa mitsempha ndi pa maganizo pomwe, koma amene akumwa tramadol asawayambe dokotala asanaunike mankhwala onse amene ali nawo kunyumba.